Mipata Inayi m'Nyimbo ya Bambo Anga

"Kodi inu a mpingo wa kumtundawu, bwanji mumaima ndi maliro panjira n'kukhala duu, ngati mwaiwala nyimbo?"

Anandifunsa choncho mayi a Pilirani tikuchokera kumanda. Iwo ndi a Katolika, anabwera kuno ku Mbombwe ndi amuna awo amene amaphunzitsa pasukulu, ndiye zathuzi sanazizolowere. Ndinangowauza kuti ndidzakuyankhani, chifukwa yankho lake silokambira pamphambano mwana akulira kumbuyo. Ndi ulendo wathunthu.

Nyimboyo timaitchula kuti ya mipata. M'buku la nyimbo mulibe. Ili ndi ndime zinayi, ndipo timaiyimba pokhapokha tanyamula maliro. Ndime ikatha, onyamula bokosi amaima, tonse n'kutembenukira kummawa, n'kukhala chete. Ngakhale amene akulira amagwira pakamwa. Bambo anga, a Mukhweya, ndiwo ankaitsogolera. Mumpatamo ankagogoda ndodo pansi pang'onopang'ono kuti tidziwe poyambiranso. Mipatayo siyofanana. Wachiwiri ndi waufupi, wachitatu wautaliko, wachinayi ndiye wautali mpaka mapewa a onyamula kuyamba kunjenjemera. Kugogodako anaphunzira kwa amalume awo. Koma chifukwa chake sanauzidwe.

Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki kunabwera mayi wina wothawa, dzina lake Rozina, amene ankatigwirira ganyu m'munda mpaka tinasanduka pachibale. Tsiku lina pamaliro, titaima mumpata woyamba, Rozina anayamba kung'ung'udza. Anthu anamuyang'ana ndi diso loipa. Madzulo ake bambo anamuitana.

"Iwe mwanawe, chija umachita chija n'chiyani?"

"Pepani abambo, chinangotuluka chokha. Kwa amayi anga amaimba m'malo amene inu mumakhala chetemo. Pamene inu mukuimba, iwo ndiye amakhala chete."

Mawu ake sankawadziwa, anakulira kwina. Nkhondo itatha anabwerera kwawo, n'kutisiyira njira pakamwa: mukafika ku Milanje, tsidya la Mozambiki, mufunse galimoto zopita kwa Mpwesha, kuseri kwa phiri la Tumbine.

Chaka chotsatira, cha 1995, bambo anatupa miyendo. Anagona ku chipatala cha mishoni mpaka adokotala anati kuli bwino akapumire kunyumba. Tonse tinamva tanthauzo lake. Mmawa wina ndikuwapatsa phala, anagwira dzanja langa.

"Esinati, moyo wanga wonse ndakhala ndikugogodera mawu amene sindinawamvepo. Pita ukanditengere. Ndikudikira."

Achimwene anga anali ku Joni. Amuna anga amalondera sitolo ku Limbe, sakanasiya ntchito, ndipo poyamba anakana: "Ukapite kumabomba ndi mwana wa kubere chifukwa cha nyimbo?" Ndinawauza kuti akawauze okha bambo mawu amenewo. Anapita, anakhala nawo kanthawi, n'kutuluka. Mawa lake anandipatsa ndalama ya ulendo.

Ndinanyamuka mwezi wa Novembala, kunja kukutentha, mitambo ikusonkhana koma osagwa. Kumbuyo Chisomo, wa miyezi isanu ndi itatu. M'manja kachikwama, ndi tadzi wakuda womanga miyendo, chifukwa bambo anati kwa abale sapitako chimanjamanja. Wanjinga ananditula pamsewu wa Midima, kufupi ndi Mikolongwe.

Pamenepo ndiye ndinaphunzira kudikira. Basi inadutsa yodzaza osaima. Minibasi ziwiri chimodzimodzi. Mthunzi wa mtengo umene ndinakhalapo unandithawa, ndinautsata, unandithawanso. Dzuwa lili pamutu inaima matola, kagalimoto kapabwalo kopendekera mbali imodzi. Dalaivala anasuzumira pazenera.

"Limbuli! Boda! Twente kwacha, mayi. Nkhukuyo ikwera ulele ikalonjeza kuti siyiwononga m'ofesi mwanga."

Ndinakhala pa thumba la sopo. Mwini wake anali mayi wonenepa, womanga mpango woyera, Abiti Saidi, amene ankapita ku Milanje kukasinthitsa sopo ndi shuga. Anandifunsa malonda anga. Nditawauza kuti ndikukatenga nyimbo, anaseka mpaka kutsokomola.

"Achemwali, ine ndayenda msewu uno ndi anthu okatenga chimanga, okatenga akazi, wina anakatenga mfuti. Koma wa nyimbo ndinu woyamba. Mukaiika m'chiyani?"

"M'mutu."

"Ndiye musaugunditse."

Titangowoloka mlatho wa Thuchila, injini inafuka n'kuzima. Dalaivala anati lamba waduka, koma si nkhani, mnzake akatenga wina pa Nkando, abwera pompano. Pompano ameneyo anatitengera tsiku lonse. Tinakhala m'ngalande ya msewu. Bambo wina wajekete anayamba ndale, wina anamutsutsa, anatsala pang'ono kugwirana malaya, kenaka anagawana mango. Ine ndinkangoyang'ana msewu. Galimoto iliyonse yolowera ku Limbe inkandikoka mtima: bwanji ndibwerere, kapena bambo atsirizika ine ndili m'ngalande muno. Abiti Saidi, amene ndinali nditawauza za bambo, anaona nkhope yanga. Anatenga Chisomo n'kumuika pamiyendo pawo.

"Munthu wotuma sathawa wamtuma asanabwere. Idyani chinangwachi."

Lamba anabwera dzuwa litapendeka, ndipo anali wamkulu. Anamumangirira mwanjira yawo, galimoto inkalira ngati mwana wa mbuzi, koma inayenda. Tinadutsa Chitakale ndi minda ya tiyi kukuchita chisisira, n'kukagona pakhonde la sitolo ku Limbuli, amayi okhaokha, aliyense atatsamira katundu wake.

Pamalire ndinkaopa kwambiri, koma chovuta chinali mzere basi. Abiti Saidi anandionetsa zenera lopatsira chiphaso cha masiku ochepa. Wa m'zeneramo anandifunsa chimene ndikukachita. Ndisanatsegule pakamwa, Abiti anandiponda phazi.

"Akukaona abale, bwana."

Titatuluka anandinong'oneza: "Za nyimbozo muziuza ife. Uyu akanakutumizani kuchipatala."

Mtsinje wa Muloza ndinauyembekeza waukulu. Ndi kamtsinje chabe, ana ankasambamo. Ndinauwoloka pamlatho ndi mapazi, ndili ndi patapata. Ndinaima pakati n'kuganiza kuti makolo athu anadutsa madzi omwewa, kapena ena ngati amenewa, atasenza ana, ndipo m'banja mwathu monse palibe anabwererapo kufikira ine. Wanjinga anandiimbira belu kuti ndichoke panjira.

Ku Milanje nyumba zambiri zinali zopanda madenga, makoma ali mabowomabowo. Abiti Saidi anandiperekeza mpaka poimira malole, anakangana ndi dalaivala m'chilankhulo chosakaniza mpaka anatsitsa mtengo, n'kundisiya. Sindinawaonenso. Loleyo inati inyamuka ikadzaza. Inadzaza mawa lake.

Tisananyamuke, dalaivala anakwera pa tayala n'kutilankhula m'Chinyanja chake chopindika: "Tikaima, wina asaponde kunja kwa msewu. Wofuna kudzithandiza, pamsewu pomwepo. Udzu wonsewo uli ndi eni ake." Ankanena mabomba okwirira pansi. Ndiye poima paliponse amuna ankapita kutsogolo kwa lole, ife kumbuyo, awiri n'kutambasula chitenje, wina n'kudzithandiza, kusinthana choncho. Manyazi anatha pa ulendo woyamba.

Poima pachiwiri ndipamene tadzi anamasuka. Ndinali nditamumasula pang'ono chingwe chifukwa mwendo unatupa. Anadumpha, anathamangira mu udzu, n'kuima poteropo, malo oti munthu utatambasula nsungwi ungamukhudze. Anayamba kupalasa. Tonse tinaima pamene tinali. Mnyamata wina anasuntha phazi, mayi wake anamukoka malaya mpaka kung'ambika. Tinangoiyang'ana nkhukuyo ikupalasa, ikujompha, ikupita. Aliyense ankadikira kuphulika. Sikunaphulike. Inangolowa m'tchire.

"Yabwerera kwawo isanafike," anatero dalaivala. "Kwerani."

Kwa Mpwesha ananditsitsa pamphambano pali chigalimoto chopsa. Njira yolowera kumudzi inali yopapatiza, miyala yopaka laimu uku ndi uku. Ndinayenda pakati penipeni, phazi kutsogolo kwa linzake. Patapata mmodzi anaduka lamba, ndinamusiya pomwepo. Rozina ndinamupeza pachitsime. Anagwetsa ndowa.

"Esinati! Kodi abambo apita?"

"Ayi. Akudikira."

Anamva zonse m'mawu awiriwo. Sanandilole ngakhale kusamba. Ananditengera kutchalitchi kwawo, kumene anthu ankafolera denga latsopano. Pansi panali bambo wa mwendo umodzi, wotsamira ndodo ziwiri, akukalipira ofolera kuti udzu akuuika mopyapyala. Ameneyo anali mkulu wa mpingo, a Fernando. Rozina anawafotokozera m'Chilomwe. Ine Chilomwe ndimangomva apa ndi apo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi lopanda nsapato.

"Ambiri abwera kuno kunena kuti ndi abale," anatero m'Chinyanja. "Akufuna malo. Ngati ndinu a tsidya lija, imbani."

Ndinakonza Chisomo kumbuyo, ndinayamba ndime yoyamba monga bambo amayambira:

*Ndawoloka, Ambuye, madzi andifika m'khosi,*
*ndani uyu wandigwira dzanja?*

Ndinakhala chete, chala changa chikugogoda pantchafu monga ndodo ya bambo. Ndisanagogode kachiwiri, mawu anatsika kuchokera padenga. Bambo wina wofolera, udzu uli m'manja, anali atatembenukira kumadzulo ndipo ankaimba. Amayi awiri amene ankaponda dothi analowa. A Fernando analowa ndi mawu okhuthala. Ine chala chikugogodabe chokha. Pamene chinafika pogogoda pomaliza, pamene kwathu onyamula bokosi amasuntha phazi, iwonso anatseka pakamwa onse pamodzi. Sanapitirire, sanaperewere.

Tsitsi linandiima. Ndinaimba yachiwiri:

*Ndasiya moto ukuyaka pakhomo pa amayi.*

Anayankha mwachidule, n'kulowa ndendende mu kampata kathu kakafupi kaja. Yachitatu:

*Ndikagona m'dziko la eni,*
*adzandidziwa ndani?*

Yankho lake linali lalitali, lokwera n'kutsika, ndipo anthu anali akubwera kuchokera m'minda, makasu paphewa, kulowa m'nyimbo akuyenda. Ndinali nditaimva nyimbo imeneyi kuyambira ndili kumbuyo kwa amayi anga, ndipo sindinkadziwa kuti ndinkamva theka.

Ndinaimba yachinayi, imene ili ndi mawu ochepa kuposa zonse:

*Nanga tidzaonana kuti?*

Palibe anayankha. Ndinagogoda mpata wonse, wautali uja. Kunkamveka udzu wokha ukugwa padenga. A Fernando anali atawerama.

Anandikhazika pa mtolo wa udzu n'kundiuza, Rozina akuthandiza pamene Chinyanja chawathera. Kalekale, nthawi imene anthu ankathawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, mnyamata wa m'mudzimo anawoloka n'kukafika kwathu kuno. Anabatizidwa, anaphunzira kupemphera m'Chinyanja. Patapita zaka anabwerera kudzatenga mlongo wake, poti iye ndiye anali nkhoswe ya ana ake. Mlongoyo anakana: amayi awo anali atakalamba, sakanayenda, ndipo sakanawasiya. Mwamunayo anakhala nawo dzinja lonse akuwaphunzitsa za Mulungu. Pobwerera mlongo wake anamuperekeza mpaka pamtsinje, madzi ali odzaza. Atafika tsidya linalo anatembenuka n'kuimba m'chilankhulo chake chatsopano, mlongo wake n'kumuyankha m'chakwawo. Chimene chinkawawawa onse awiri chinali maliro: m'bale angamwalire bwanji iwe osakhalapo? Ndiye anapangana kuti aliyense akamaika munthu, aziimba mbali yake n'kusiyira mnzake malo.

"Ndiye mukaima duu kumeneko," anatero a Fernando, "sikuti mwangokhala chete. Mwatipatsa mpando. Ifenso takhala tikukupatsani. Nkhondo yonse ija, ngakhale tikuika munthu mothamanga kutchire, tinkakudikirani mumalize."

Mayankho ake, m'Chinyanja, akuti chonchi. Loyamba: *Pita, wakugwira iweyo watigwiranso ife, manja ake ndi awiri.* Lachiwiri: *Sitinauzime.* Lachitatu: *Dothi la uko ndi la kuno analiumba ndi mmodzi, Mulungu sasochera manda a mwana wake, gona.*

"Nanga lachinayi?"

A Fernando anakanda pansi ndi ndodo. Lachinayi silinali la gulu. Mlongo uja analiimba yekha, ndipo linkayenda mwa akazi a m'mimba mwake, mayi kupatsira mwana wake wamkazi woyamba. Woimbayo ankagwada pamphepete pa dzenje n'kuliimbira m'mandamo motsitsa, ena onse ataima patali. Ankamva kuti akuimba, koma mawu osawamva. Womaliza kulisunga anali mayi wina dzina lake Amelia. Anali ataphunzitsa kale mwana wake. Onse awiri anapita kukakumba chinangwa mmawa umodzi chaka cha njala, m'nkhondo muja, n'kuponda malo oipa.

"Tinafunsa aliyense. Tinapita mpaka kwa amene anathawira kutali. Ena akuti munali mawu oti mtsinje. Ena akuti munalibe."

Ndinakhala kumeneko mpaka mayankho atatuwo atakhazikika. Amayi a mumpingo ankandiphunzitsa tikusenda chinangwa, akundiseka lilime. "Ukuimba ngati uli ndi mbatata yamoto m'kamwa! Bwereza!" Kulemba sindikanatha, Chilomwe sindidziwa kalembedwe kake. Ndiye ndinachita chimene ndimadziwa: nthawi iliyonse Chisomo akayamwa, ndinkamuimbira onse atatu, bere lamanzere kamodzi, lamanja kamodzi. Mwana amayamwa kawirikawiri. Sakanandilola kuiwala.

Mvula yoyamba inandipeza pobwerera. Lole inatitimira m'matope tisanafike ku Milanje, ndipo poti kutuluka mumsewu kukadula nthambi kunali kosatheka, amuna anayala matumba ndi malaya awo pansi pa matayala. Ine ndinapereka chitenje chimodzi. Chinatuluka ngati nsanza ya mphika, ndinachisiya. Tinakhala pamenepo mpaka kunabwera thirakitala. Ndinkaimba chamumtima, milomo ikuyenda, moti gogo wina wamwamuna amene anakhala pafupi anandifunsa ngati ndikudwala malungo. Atamva mawuwo anandikonza pamodzi m'yankho lachitatu, pamene ndinkameza chilembo. Nyimboyo sankaidziwa. Anangoti, "Amene ananena zimenezi anali ndi chisoni chachikulu, koma sankaopa."

Kuchokera pa Muloza sindikumbukira zambiri. Ndinakwera chilichonse chimene chinaima. Ndikukumbukira kuti nditatsika pa njinga kufupi ndi kwathu, ndinayang'ana kaye pabwalo ngati pali anthu ambiri, ngati pali masamba panjira. Panalibe. Panali mbuzi, ndi amayi anga akuanika mphale.

Bambo anali pamphasa pakhonde, atatsamira khoma. Anali atatha, nkhope yokha ndi maso. Sanandifunse za ulendo.

"Wabwera nazo?"

"Ndabwera nazo, bambo."

"Ndipatse ndodo."

Mawu anali atawathera, ankangotulutsa mpweya wokhala ndi nyimbo mkati. Anaimba ndime yoyamba, n'kuyamba kugogoda. Ine ndinagwada kummawa kwawo n'kuyankha. Ndodo inaphonya kamodzi, kenaka inapitiriza. Iwo Chilomwe amachimva chonse, sindinafunike kumasulira. Pa yankho lachiwiri, loti sitinauzime, anatseka maso, misozi inatsikira m'makutu. Amayi anali ataima ndi lichero m'manja, mphale ikutayikira nkhuku.

Anaimba yachinayi. Anagogoda. Ine ndinangokhala. Anatsegula maso n'kundiyang'ana, ndodo ikugogodabe, mpaka anamaliza mpata wonse osadumpha. Kenaka ndinawauza za Amelia ndi mwana wake.

Ndinkaganiza kuti ndawapweteka. Kenaka anaseka pang'ono, kuseka kwa m'mphuno.

"Mpata wautali chonchi, ndiye kuti anali ndi zambiri zonena. Usadandaule, mayi. Limenelo ndikafunsa ndekha."

Anamwalira chimanga chisanafike m'mawondo. Pamaliro awo ndodo anagwira ndi achimwene, amene anafika kuchokera ku Joni tsiku loika. Mipata itatu ndinaimbamo ine ndekha, anthu ambiri akumva koyamba. Wachinayi tinaima monga kale. Pano amayi angapo a mumpingo anaphunzira, koma akulu anagamula kuti tiziwaimba pamaliro a m'banja la mwamuna anawoloka mtsinje uja pokha. Pa ena onse timakhalabe chete, chifukwa malowo ali ndi eni ake, ndipo akuimba.

Pa ulendowo ndinataya nkhuku imodzi, patapata mmodzi, chitenje chimodzi, ndi mvula yoyamba, moti chaka chimenecho ndinadzala mochedwa n'kukolola theka. Mayankho anali anayi. Ndinabwera ndi atatu.